Kudziphunzitsa Chijapani ndi Foni ya M'manja

Amene anakwerapo galimoto zoitanitsa ku Japan, ma Vitz, ma Sienta ndi ma Probox amene adzaza m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka, akulidziwa liwu la mayi uja amene amayankhula dalaivala akangoliza injini. Ena amati ndi moni, ena amati akudandaula za mafuta. Kawirikawiri mayiyo amakhala akunena kuti "ETC kaado ga sounyuu sarete imasen", ndiye kuti khadi lolipirira misewu ikuluikulu ya ku Japan silinalowetsedwe m'kamakina kake. Galimoto ilibe vuto, ikungofunsa khadi la kwawo.

Chijapani chinatipeza pakhomo chotero, ndipo ofuna kuchidziwa ali ndi zifukwa zawozawo. Wina amaitanitsa galimoto ndipo watopa nawo mapepala amene sawamva. Wina akusakasaka mwayi wa maphunziro. Wina amagwira ntchito ndi anthu ongodzipereka ochokera ku Japan, amene anayamba kubwera ku Malawi mu 1971 ndipo masiku ano amatumizidwa ndi bungwe la JICA. Pena ndi mwana amene sachoka pa makatuni a anime. Makalasi a chiyankhulochi kuno n'ngosowa, koma zophunzirira zaulere pa intaneti zilipo zoti munthu sangazimalize. Kuchulukako ndiye msampha. Woyamba kumene amadawuniloda mapulogalamu asanu, n'kutsegula mavidiyo osawerengeka, mwezi n'kutha akudziwa konnichiwa ndi arigatou basi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Gwirani njira imodzi, muidutse mwa dongosolo lake, ndipo muziphunzira mokweza mawu, osati ndi maso okha.

Dziwiranitu kukula kwa ulendowu. Sukulu yophunzitsa akazembe a dziko la America ziyankhulo, ya Foreign Service Institute, imaika Chijapani m'gulu la ziyankhulo zovuta zedi kwa olankhula Chingerezi, ndipo imawerengera maola pafupifupi 2,200 a m'kalasi kuti munthu achigwiritse ntchito mu ofesi. Ife sitikulinga kumeneko. Tikukamba za Chijapani choyambira: kupereka moni, kudzitchula dzina, kufunsa mtengo, kuwerenga chikwangwani ndi kumva nkhani yaifupi yolankhulidwa modekha. Chimenecho munthu wolimbikira theka la ola tsiku ndi tsiku amachigwira pa miyezi ingapo.

Pakamwa pathu panazolowera kale

Malembo a liwu a Chijapani ndi asanu, omwe aja tinkaimba mu Sitandade 1, kungoti iwo amawandandalika motere: a, i, u, e, o. Mawu awo amamangidwa ndi maphatikizo ofanana ndi athu, lembo lopanda liwu patsogolo, la liwu pambuyo. Sa-ka-na ndi nsomba, ta-ma-go ndi dzira, ku-ru-ma ndi galimoto. Mngelezi amavutika kutchula tsu wa mu tsunami, pamene ife timati tsuka mbale tsiku lililonse. R wawo sazunguza lilime. Limangogunda kamodzi kuseri kwa mano a m'mwamba, pakati pa l ndi r, monga ambiri timatchulira bwera. Tsono mukaona mawu a Chijapani olembedwa m'zilembo zathuzi, awerengeni ngati Chichewa. Maphunziro ambiri a pa intaneti anakonzedwera olankhula Chingerezi, ndipo amathera nthawi pa mavuto amene si athu. Mbali zimenezo muzidutse mothamanga.

Mavuto athu ndi ena, ndipo palibe vidiyo imene ingakuchenjezeni za iwo. Lalikulu ndi chizolowezi chathu chokoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Timalemba nyumba koma pakamwa timati nyuumba, osazindikira n'komwe. Kwathu kukokako sikusintha kanthu, koma ku Japan kumasintha tanthauzo. Biru ndi nyumba yosanja, biiru ndi mowa. Kado ndi pokhotera msewu, kaado ndi khadi. Obasan ndi azakhali, obaasan ndi agogo aakazi, ndipo mayi wa zaka 40 sangakuthokozeni mukamupatsa lachiwirilo. Mankhwala ake ndi kuomba m'manja: phatikizo lililonse kuomba kumodzi, mofanana, ndipo lalitali kuomba kuwiri. Vuto lina ndi loti sitikonda kusiya mawu athere pa n, timamupachika i, san n'kusanduka sani, Nihon n'kukhala Nihoni. Tsekani mawu pa n pomwepo. Palinso kakupuma kakang'ono pamene lembo lopanda liwu lalembedwa kawiri: kite ndi bwera, kitte ndi sitampa ya pa kalata. Ndipo u wa kumapeto kwa desu ndi masu samveka kwenikweni, amangonong'onezedwa.

Za kukweza ndi kutsitsa liwu musade nazo nkhawa. Paja mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timausiyanitsa ndi khutu. Iwonso ame wa mvula ndi ame wa switi amawasiyanitsa chimodzimodzi. Tsamba la Forvo lili ndi mawu ojambulidwa ndi eni chiyankhulo. Mverani, dzijambuleni ndi foni yanu, kenako yerekezani. Poyamba liwu lanu lidzakuchititsani manyazi, koma mphunzitsi wina wa katchulidwe mulibe.

Zilembo kaye, zina pambuyo

Chijapani chimalembedwa ndi mitundu itatu ya zilembo yosakanizidwa m'chiganizo chimodzi. Hiragana ndi zilembo 46 zopindikapindika, chilichonse chikuimira phatikizo: か ndi ka, き ndi ki, く ndi ku. Katakana ndi zinanso 46 zowongoka, za maphatikizo omwewo, zolembera mawu obwereka ndi mayina achilendo. Kanji ndi zilembo zochokera ku China, zimene zimanyamula tanthauzo. Kulemba Chijapani m'zilembo zathuzi amakutcha romaji, ndipo eni ake sachita zimenezi pa moyo wa tsiku ndi tsiku.

Apa ndi pamene ambiri amadzinyenga. Romaji ndi yokoma chifukwa mumawerenga tsiku loyamba lomwe, koma wokakamira pamenepo amadzitsekera kunja kwa mabuku, zikwangwani ndi mayeso onse. Ipatseni masabata awiri kapena atatu ntchito ya hiragana yokha, musanakhudze china chilichonse.

Chitani chonchi. Tengani kope la masamu, lija la timabokosi, ndi pensulo. Tsiku lililonse mzere umodzi wa zilembo zisanu: lero a, i, u, e, o, mawa ka, ki, ku, ke, ko. Chilembo chilichonse chili ndi dongosolo la kalembedwe, kuchokera pamwamba kutsika pansi, kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo mukalitsata dzanja limaloweza lokha. Tsamba la Tofugu lili ndi phunziro laulere la hiragana lokhala ndi zithunzi zokumbutsa, ndipo bungwe la Japan Foundation linapanga mapulogalamu a pafoni aulere otchedwa Hiragana Memory Hint ndi Katakana Memory Hint. Zithunzi zawo zimatsamira pa mawu a Chingerezi, choncho ngati china sichikukugwirani, pekani chanu cha Chichewa. Chimene mwapeka nokha sichithawa. Mukamaliza 46 zija, zotsala n'zopepuka. Timizere tiwiri pamwamba timasandutsa ka kukhala ga, sa kukhala za, ta kukhala da, ndipo kamzere kozungulira kamasandutsa ha kukhala pa.

Pali zilembo zimene zimasokoneza aliyense. Mu hiragana ndi ぬ ndi め, komanso わ, れ ndi ね. Mu katakana ndi シ ndi ツ, komanso ソ ndi ン. Musaziphunzire patalipatali; zilembeni moyandikana papepala limodzi mpaka diso lione kusiyana kwake.

Katakana ambiri amaiona ngati yosafunika, koma kwa ife ndi imene imabweza phindu msanga, chifukwa mawu ake ambiri ndi a Chingerezi otchulidwa Chijapani, monga momwe ife tinachitira ndi sukulu ndi buledi. Khalani mu galimoto ija muwerenge: エンジン ndi enjin, ブレーキ ndi bureeki, オイル ndi oiru, ラジオ ndi rajio, メニュー ndi menyuu. Dzina la dziko la Malawi limalembedwa マラウイ, la Zambia ザンビア. Lembani lanu, la ana anu ndi la mudzi wanu.

Ngati pakhomo muli angapo, dulani timapepala mumate pa zinthu: まど pa zenera, いす pa mpando, なべ pa poto, しお pa botolo la mchere, ドア pa chitseko, バケツ pa ndowa. Ana amazigwira msanga kuposa akuluakulu, ndipo adzakukonzani mopanda chisoni. Zimenezo n'zabwino.

Pomaliza pake ikani Chijapani pa kiyibodi ya foni. Pa Gboard mumalowa m'makonzedwe a ziyankhulo n'kuwonjezera Japanese. Sankhani ya QWERTY, imene mukalemba ka imatulutsa か yokha. Muwonjezerenso yolemba ndi chala, idzakuthandizani kufufuza kanji yomwe simukudziwa katchulidwe kake.

Buku limodzi loti likhale msana

Pa zonse zaulere, ine ndingasankhe Irodori, buku limene Japan Foundation inatulutsa mu 2020 pofuna kuthandiza alendo opita kukakhala ndi kukagwira ntchito ku Japan. Gawo loyamba, lotchedwa Starter, lili ndi mitu 18, ndipo pamwamba pake pali Elementary 1 ndi Elementary 2. Mabuku onse ndi mawu ake omvera amadawunilodeka kwaulere pa tsamba la bungweli. Ubwino wake kwa ife uli pomwepo: mukawasunga mufoni, netiweki ivute, bandulo ithe, phunziro likupitirira. Mutu uliwonse umayamba ndi kumvera anthu akucheza za zinthu zenizeni, kugula chakudya, kufunsa basi, kupempha tchuthi kuntchito, kenako malamulo a chiyankhulo amabwera pambuyo. Musadumphe mawu omverawo n'kumangowerenga. Bukuli analimanga pa khutu.

Amene amakonda kutsogoleredwa ndi kompyuta akhoza kulembetsa pa Minato, sukulu ya pa intaneti ya bungwe lomweli, kumene kuli maphunziro a Marugoto odziphunzira wekha. Pamafunika imelo basi, koma pamadya data yambiri kuposa buku. Nayo wayilesi ya NHK World-Japan ili ndi Easy Japanese, maphunziro 48 aafupi otsata nkhani imodzi, ndipo amapezeka m'ziyankhulo zingapo kuphatikizapo Chiswahili ndi Chipwitikizi. Abale a ku Tete ndi ku Niassa amene Chingerezi si chawo angayambire pamenepo. Ena amagula mabuku otchuka a m'makalasi, Genki kapena Minna no Nihongo. Ndi abwino, koma ndi a ndalama, ndipo woyamba kumene sanafike powafuna.

Nanga Duolingo? Ndi yokoma, imakukumbutsani tsiku ndi tsiku, ndipo pa hiragana imathandiza. Koma imafotokoza zochepa, ndipo munthu akhoza kuisewera chaka chonse osatha kupanga chiganizo chakechake. Ikhale ya pamzere wa kubanki kapena mu minibasi, osati phunziro lenileni.

Pa nkhani ya data, dawunilodani zonse nthawi imodzi pamene mwapeza Wi-Fi kapena bandulo ya usiku, muziike pa memori khadi. Mavidiyo a YouTube atsitseni pa 240p kapena 360p, pakuti chimene mukufuna ndi mawu, osati nkhope ya mphunzitsi. Mitu iwiri kapena itatu imene mukuphunzira sabata imeneyo kaisindikizeni papepala, kuti magetsi akazima ndi foni n'kuthima musakhale manja lende.

Chiganizo chimayenda chobwerera

Malamulo a Chijapani amaopsa ndi mbiri chabe. Zambiri zimene zimavutitsa mlendo wophunzira Chichewa iwo alibe. Kulibe magulu a mayina, kulibe agwirizanitsi, ndipo dzina silisintha pochulukitsa: kuruma ndi galimoto imodzi, kuruma ndi galimoto khumi. Mneni sasintha kaya wochitayo ndine, ndinu kapena ndi iwo.

Chachilendo ndi dongosolo la mawu. Mneni amakhala kumapeto, ndipo timawu tosonyeza ntchito ya dzina timabwera pambuyo pa dzinalo, osati patsogolo monga aperekezi athu. Taonani chiganizo ichi: Haha wa ichiba de sakana o kaimasu. Haha ndi amayi anga, ichiba ndi msika, sakana ndi nsomba, kaimasu ndi kugula. Kamawu ka wa kakusonyeza amene tikukamba za iye, de kakusonyeza malo ochitikira, o kakusonyeza chogulidwacho. Ife timati kumsika, iwo amati msika-ku. Mukazolowera kumva timawuti ngati michira ya mayina, chiganizo chilichonse chimamasuka. Kungoti polemba, wa ameneyu amalembedwa ndi chilembo cha は chimene kwina konse chimawerengedwa ha. Zimenezo ingolowezani, musafunse chifukwa.

Mneni uja amasintha kumchira kokha. Kaimasu, amagula kapena adzagula. Kaimashita, anagula. Kaimasen, sagula. Kaimasen deshita, sanagule. Mukaika ka kumapeto, lasanduka funso: kaimasu ka. Tengani aneni khumi, monga tabemasu wa kudya, nomimasu wa kumwa, ikimasu wa kupita, muwadutsitse m'michira imeneyi mokweza mawu, ndipo mwayamba kale kulankhula. Pamene Irodori yafotokoza mwachidule, pitani ku Tae Kim's Guide to Learning Japanese, buku la galamala laulere pa intaneti, muwerenge mfundo imeneyo yokha n'kubwerera.

Ulemu ndiye sitichita kuphunzitsidwa. Monga sitinena kuti Phiri koma a Phiri, iwonso amaika san pambuyo pa dzina la munthu, ndipo monga sudzitchula wekha kuti a uje, san sumadziika wekha. Amayi ako ukamawakamba kwa mlendo ndi haha, koma amayi a mnzako ndi okaasan: zako umazitsitsa, za mnzako umazikweza. Woyamba aphunzire kalankhulidwe ka desu ndi masu, kamene n'koyenera paliponse. Apa makolo a ana okonda anime atchere khutu. Chijapani cha m'makatuni chimakhala cha anyamata okalipirana, chodzaza ndi omae, amene ali ngati kunena iwe kwa apongozi. Mwana aonere, khutu lizolowere, koma asatengere pamenepo poyankhula ndi munthu wamkulu.

Kusunga mawu m'mutu, ndi nkhani ya kanji

Mawu amene mwaphunzira lero, mawa ambiri athawa. Katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anasonyeza kale mu 1885 kuti kuiwala kumathamanga kwambiri m'maola ndi masiku oyamba, ndipo kubwereza kumakuchedwetsa. Pulogalamu ya Anki inamangidwa pa mfundo imeneyo. Ndi makhadi a mafunso: imakuonetsani mawu, mumayesa kukumbukira, ndipo amene mwawakhoza imawabweretsanso patapita masiku ambiri, amene mwawalephera imawabweretsa posachedwa. Pa kompyuta n'njaulere, pa Android imatchedwa AnkiDroid ndipo n'njaulerenso. Ya pa iPhone ndiyo yogula. Anki imagwira ntchito popanda intaneti.

Pali mipukutu ya makhadi yokonzedwa kale, monga Kaishi 1.5k ya mawu pafupifupi 1,500 okhala ndi ziganizo ndi mawu omvera. Anki imabwera itatcheredwa pa makhadi atsopano 20 patsiku. Tsitsani afike pa 5, mwina 10. Khadi latsopano lililonse ndi ngongole imene idzabwera kudzakufunsani, ndipo amene amayamba ndi changu cha 20 amapezeka ali ndi mazana owadikira, n'kuithawa pulogalamuyo. Kuseri kwa khadi onjezerani tanthauzo la Chichewa. Mtanthauziramawu wabwino ndi Jisho.org, ndipo wa pafoni wogwira popanda netiweki ndi Takoboto.

Tsopano kanji. Boma la Japan lili ndi mndandanda wa zilembo 2,136 za ntchito ya tsiku ndi tsiku, umene unakonzedwanso mu 2010, ndipo ana a kumeneko amaphunzira 1,026 pa zaka zisanu ndi chimodzi za ku pulayimale. Nambala zimenezi zisakufooketseni: woyamba amafunika zilembo zana limodzi kapena kuposerako pang'ono. Zina zimaoneka ngati zithunzi. 山 ndi phiri, 川 ndi mtsinje, 人 ndi munthu, 口 ndi pakamwa. 木 ndi mtengo, ndipo itatu pamodzi, 森, ndi nkhalango.

Chovuta n'chakuti chilembo chimodzi chimawerengedwa m'njira zingapo. 山 payekha ndi yama, koma mu dzina la phiri la Fuji ndi san. Mu 日曜日, Lamulungu, chilembo cha 日 chikupezeka kawiri, koyamba ndi nichi, kachiwiri ndi bi. Musaloweze mndandanda wa katchulidwe, n'kutaya nthawi. Phunzirani kanji mkati mwa mawu athunthu amene mukuwafuna. 入口 ndi iriguchi, polowera. 出口 ndi deguchi, potulukira. Pa wayilesi ya m'galimoto, 設定 ndi settei, makonzedwe. 戻る ndi modoru, kubwerera. 音量 ndi onryou, kukwera kwa mawu. Amene akufuna dongosolo lokhazikika akhoza kulawa WaniKani, imene magawo ake atatu oyamba ndi aulere.

Oitanitsa galimoto aphunzire msanga zinthu ziwiri. Choyamba, Ajapani amawerenga ndalama m'magulu a 10,000, amene amawatcha man ndi kuwalemba 万, kotero 50万円 ndi ma yen 500,000. Chachiwiri, zaka pa mapepala a galimoto zimalembedwa motsata ufumu. Nyengo ya Heisei inayamba mu 1989, ya Reiwa mu 2019. Pa chaka cha Heisei onjezani 1988, pa cha Reiwa onjezani 2018: H20 ndi 2008, R2 ndi 2020. Wodziwa kawerengedwe kameneka sanamizidwa za msinkhu wa galimoto.

Khutu, diso ndi munthu wamoyo

Mukadutsa mitu isanu kapena isanu ndi umodzi ya Irodori, yambani kumvera ndi kuwerenga zinthu zosakhala phunziro. Pa YouTube pali Comprehensible Japanese, pamene mphunzitsi amalankhula Chijapani chokhachokha, pang'onopang'ono, akujambula ndi kuloza. Pali Nihongo con Teppei, nkhani zazifupi zomvera za oyamba kumene, zopepuka pa data, zoyenera pochapa kapena poyenda. Musafune kumva liwu lililonse. Mverani chinthu chimodzi katatu kapena kanayi, ndipo ulendo womaliza muzilankhula motsatira mphunzitsi, kumutsanzira mpaka kapumidwe.

Powerenga, bungwe la NPO Tadoku Supporters lili ndi timabuku taulere pa tsamba la tadoku.org, toyambira pa mlingo wa zithunzi ndi mawu ochepa. Malangizo awo ndi oti muyambe ndi zophweka, musatsegule mtanthauziramawu, mudumphe chimene simukuchimva, ndipo kabuku kakakula msinkhu mukasiye mutenge kena. Munthu wamkulu amachita manyazi kuwerenga za mphaka ndi galu, koma kuthamanga kwa diso kumachokera kumeneko. Patsogolo mudzafika pa nkhani za NHK zolembedwa m'Chijapani chophweka, zimene zimaika tizilembo ta hiragana pamwamba pa kanji.

Kenako pezani munthu. Mapulogalamu a HelloTalk ndi Tandem amalumikiza anthu ophunzitsana ziyankhulo. Ajapani ambiri amafuna Chingerezi, ndipo inu muli nacho chowapatsa. Japan ili patsogolo pathu ndi maola 7, choncho 1 koloko masana kuno ndi 8 koloko usiku kumeneko, nthawi imene aweruka. Konzekerani ziganizo zochepa: hajimemashite pokumana koyamba, Maraui kara kimashita kapena Maraui-jin desu podzifotokoza, yoroshiku onegaishimasu potseka malonje. Zina zitatu ndi zopulumukira: wakarimasen, sindikumva, mou ichido onegaishimasu, bwerezaninso chonde, yukkuri hanashite kudasai, lankhulani pang'onopang'ono. Tumizani mawu ojambula, osati olemba okha, ndipo pemphani kuti akukonzeni.

Kumeneku kulinso atambwali. Wina akangoyamba za chikondi chofulumira, za bizinesi ya ndalama za pa intaneti kapena kupempha zithunzi, mutsekeni. Ana asalowe m'mapulogalamu amenewa okha. Google Translate ndi mapulogalamu ocheza nawo a AI agwiritseni ntchito poona ngati mwalemba bwino, mutayesa kaye nokha; akakulemberani chilichonse, ophunzira akhala iwo. Ndipo pomasulira dutsirani ku Chingerezi, chifukwa kuchoka ku Chichewa kulunjika ku Chijapani amapotoza zambiri.

Mayeso ndi mapepala

Mayeso odziwika padziko lonse ndi a JLPT, amene anayamba mu 1984. Kuyambira mu 2010 ali ndi milingo isanu, N5 woyambira mpaka N1 wapamwamba. Amalembedwa Lamulungu loyamba la July ndi la December, ngakhale malo ena kunja kwa Japan amalembetsa kamodzi pachaka. Ndi osankha yankho, a kuwerenga ndi kumvera, kulankhula sayesa. Pa N5 malikisi onse ndi 180, ndipo wokhoza amafunika 80, atakwanitsanso malikisi ochepetsetsa a gawo lililonse. Samalembedwa m'dziko lililonse. Mu Africa muno amalembedwa m'malo monga Nairobi ndi ku South Africa, ndipo okhala ku Britain ali ndi London ndi Edinburgh. Mndandanda wa malo ndi mafunso oyeserera zili pa tsamba la jlpt.jp. Ngakhale mulibe ndalama ya ulendo, dziyeseni nawo mafunsowo muli pakhomo, wotchi ili patebulo, muone pamene mwafika.

Satifiketi ya N5 payokha siitsegula khomo la ntchito. Chilolezo cha ogwira ntchito za luso chimene Japan inakhazikitsa mu 2019, cha Specified Skilled Worker, chimafuna N4 kapena mayeso ena otchedwa JFT-Basic, kuphatikizapo mayeso a ntchito imene munthu akukagwira. Munthu akakuuzani kuti mumupatse ndalama akupezereni ntchito ku Japan popanda chiyankhulo ndi mayeso, gwirani chikwama chanu. Maphunziro olipiridwa ndi boma la Japan, a MEXT, amalengezedwa ndi ofesi ya kazembe wa dzikolo, ku Malawi ili ku Lilongwe, ku Zambia ili ku Lusaka, ndipo kufunsira kwake sikudutsa mwa dobadoba aliyense. Palinso ABE Initiative, ya digiri yachiwiri, imene imayendetsedwa ndi JICA. Maphunziro ambiri a digiri yachiwiri kumeneko amaphunzitsidwa m'Chingerezi, koma lendi, sitima, chipatala ndi golosale zimayenda m'Chijapani, ndipo pa mayeso olemba a MEXT pamakhala pepala la Chijapani. Tsegulani tsamba la ofesi ya kazembe miyezi ya April ndi May isanafike, chifukwa zilengezo zambiri zimatuluka nthawi imeneyo ndipo masiku ofunsira amakhala ochepa.